Dov Hoz: Zinatheka Bwanji Kuti Mtsogoleri wa Anthu Apantchito Ayambitse Kampani ya Ndege?

Funso: "Ndine mnyamata wa ku Malawi ndipo ndikugwira ntchito pa famu ina kummwera kwa dziko la Israel. Kufupi ndi kumene timakhala kuli mudzi wotchedwa Dorot, ndipo mnzathu wina wa konkuno anatiuza kuti dzinali linachokera kwa munthu wotchedwa Dov Hoz ndi banja lake. Nditapita ku Tel Aviv ndinaonanso msewu wotchedwa Dov Hoz. Nditafufuza pa intaneti mutu unandizungulira, chifukwa ena akuti anali mtsogoleri wa bungwe la anthu apantchito, ena akuti anali mkulu wa gulu lankhondo, pomwe ena akuti ndiye anayambitsa za ndege kuno. Kodi ameneyu ndi munthu mmodzi, kapena olembawo asakaniza anthu angapo? Ngati ndi mmodzi, zinatheka bwanji kuti munthu womenyera ufulu wa apantchito akapezeke pa nkhani za ndege? Anzanga andipempha kuti ndiwafotokozere tsiku lopuma, ndipo sindikufuna kuwanamiza. Kodi ndiwauze kuti anali ngwazi?"

Yankho: Zikomo kwambiri, bambo, chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti munawerenga bwino, komanso olemba aja sanasakanize anthu. Dov Hoz anali munthu mmodzi, anabadwa mu 1894 ndi kumwalira mu 1940 ali ndi zaka 46 zokha, ndipo ntchito zitatu zonse zimene mwatchulazo anazigwiradi, kawirikawiri pa nthawi imodzi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa mbiri ya mabungwe a anthu apantchito, ndaona kuti ophunzira ambiri amapunthwa pamalo omwewa, chifukwa tinazolowera kuti bungwe la apantchito ntchito yake ndi kukambirana za malipiro ndi kuitanitsa sitalaka zikavuta. Bungwe limene Hoz anathandiza kumanga silinali lotero. Linkalemba anthu ntchito, linkamanga misewu, linali ndi banki yake ndi zipatala zake, ndipo kwa zaka khumi zoyambirira linkayang'aniranso gulu lankhondo lachinsinsi. Mukamvetsa chimenechi, nkhani ya ndege siidzakudabwitsaninso.

Hoz anabadwira ku Orsha, tawuni imene lero ili m'dziko la Belarus koma pa nthawiyo inali mu ufumu wa Russia. Ayuda a mu ufumuwo sankaloledwa kukhala paliponse pamene afuna, chifukwa lamulo linawaunjika m'zigawo za kumadzulo, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anakumana ndi ziwawa zoopsa, monga za ku Kishinev mu 1903 ndi zina zambiri za mu 1905. Achinyamata achiyuda amene ankakhulupirira kuti anthu apantchito ayenera kudzilamulira okha anagawikana pawiri. Ena anatsata bungwe la Bund, lokhazikitsidwa ku Vilna mu 1897, limene linkanena kuti Myuda amenyere ufulu wake komwe ali, m'chinenero chake cha Yiddish, pamodzi ndi apantchito anzake a mitundu ina. Ena anati chipulumutso chili m'kusamukira ku Palestine ndi kukamanga dziko lawolawo ndi manja awo. Kusiyana kumeneku musakuiwale pofotokozera anzanu, chifukwa mawu akuti "gulu la apantchito achiyuda" amatanthauza magulu onse awiri, ndipo awiriwa sankaonana ndi diso labwino. Banja la Hoz linasamukira ku Palestine mu 1906, iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, dzikolo lili m'manja mwa ufumu wa Ottoman wa Aturuki.

Kumeneko analowa sukulu ya sekondale ya Herzliya, imene inayambira ku Jaffa mu 1905 ndipo inali yoyamba kuphunzitsa maphunziro onse m'Chihebri. Anali m'gulu loyamba kumaliza maphunziro pasukuluyo mu 1913, ndipo m'kalasi mwake munali anyamata ena awiri amene mayina awo muwakumana nawo paliponse m'mbiri imeneyi, Eliyahu Golomb ndi Moshe Shertok, amene pambuyo pake anasintha dzina kukhala Sharett. Atatuwa anakhala pachibale chenicheni, chifukwa Hoz anakwatira Rivka, mlongo wake wa Shertok, ndipo Golomb anakwatira Ada, mlongo wake winanso, kotero kuti anthu ankangowatchula kuti "alamu aja". Golomb anadzakhala mutu weniweni wa gulu lankhondo la Haganah, pomwe Sharett anadzakhala nduna yoyamba yoona za maiko akunja ya Israel, kenaka nduna yaikulu yachiwiri ya dzikolo. Ndatchula za ubalewu chifukwa umathandiza kumvetsa mmene zinthu zinkayendera. Ayuda a ku Palestine anali ochepa, pafupifupi 84,000 pa kalembera wa 1922 pakati pa anthu oposa 750,000, ndipo atsogoleri awo anali kagulu kakang'ono ka anthu odziwana kuyambira ubwana, odyera mbale imodzi, amene ankagawana maudindo malinga ndi chimene chasowa tsikulo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, Hoz analowa usilikali wa Aturuki ndipo anafika pa udindo wa ofisala, koma anapitiriza kuthandiza mobisa chitetezo cha midzi ya Ayuda. Zitadziwika, khoti lankhondo linamuweruza kuti aphedwe, ndipo anapulumuka pothawa. Angerezi atalanda kummwera kwa Palestine kumapeto kwa 1917, chaka chomwe boma la Britain linatulutsa chikalata cha Balfour cholonjeza Ayuda kwawo m'dzikolo, Hoz anakhala mmodzi mwa olimbikitsa achinyamata kuti alowe m'magulu a asilikali achiyuda a nkhondo ya Britain mu 1918. Motero pa nkhondo imodzi anavala yunifomu za mbali zonse ziwiri, ndipo chimene anatolapo chinali chikhulupiriro chakuti anthu ake sangadalire ufumu wina uliwonse kuti uwateteze mpaka kalekale.

Nkhondo itatha, zinthu zinayenda mothamanga. Mu 1919 kunabadwa chipani cha apantchito cha Ahdut HaAvoda, chimene Hoz analowa pamodzi ndi Berl Katznelson ndi David Ben-Gurion, amene anadzakhala nduna yaikulu yoyamba ya Israel. Mu 1920 kunakhazikitsidwa Haganah, ndipo mu Disembala chaka chomwecho, pa msonkhano wa ku Haifa, kunabadwa Histadrut, mgwirizano waukulu wa anthu apantchito achiyuda, uli ndi mamembala oposa 4,000 pang'ono. Apa ndi pamene pali yankho la funso lanu lalikulu. Bungwe la apantchito la ku Manchester kapena ku Johannesburg linkapeza mafakitale ndi migodi zili kale, ndipo ntchito yake inali kulimbana ndi eni ake. Histadrut inapeza achinyamata ongotsika m'sitima, opanda ntchito, opanda luso la zomangamanga, ambiri odwala malungo, m'dziko limene mafakitale anali ochepa kwambiri. Munthu sanganyanyale ntchito imene ilibeko. Choncho bungwelo linaganiza zoyamba lapanga ntchitoyo, ndipo n'chifukwa chake linatsegula banki ya Hapoalim mu 1921, linatenga thumba la odwala la Kupat Holim, linayambitsa nyuzipepala ya Davar mu 1925, ndi bungwe logulitsa mkaka ndi zokolola la Tnuva mu 1926. Membala ankabadwira m'chipatala cha bungwe, n'kugwira ntchito pa kampani ya bungwe, n'kusunga ndalama ku banki ya bungwe.

Gawo la Hoz pa zimenezi linali la zomangamanga. Anali mmodzi mwa oyambitsa ofesi ya Histadrut yoona za ntchito za misewu ndi nyumba, imene mu 1924 inasanduka kampani ya Solel Boneh. Ofesiyo inkalandira makontirakiti kuchokera ku boma la Angerezi ndi kwa anthu wamba, n'kugawa ntchitoyo kwa magulu a achinyamata amene ankagona m'mahema m'mbali mwa msewu, akuswa miyala ndi nyundo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Njira imeneyi inali ndi zoopsa zake, ndipo zinaonekera msanga. Kampani imene cholinga chake ndi kupatsa anthu ntchito imavutika kuchotsa antchito pamene ndalama zathina, ndipo imalandira makontirakiti osapindulitsa pongofuna kuti anthu asakhale manja lende. Chuma chitagwa, Solel Boneh inagwa nayo mu 1927, ndipo inadzauka m'zaka za m'ma 1930. Panalinso vuto lina limene ine ndimaliona kukhala lalikulu koposa, lakuti wantchito akalakwiridwa ndi kampani ya bungwe lake lomwe, alibe kwina kokadandaula, popeza womulemba ntchito ndi womuyimira ndi munthu mmodzi.

Ntchito ya Hoz imene anthu ambiri saidziwa, koma imene ine ndimaiona kuti inasintha zinthu kwambiri, anaigwira ku London. Ankatumidwa kumeneko kukayimira Histadrut kwa chipani cha Labour ndi mabungwe a apantchito a ku Britain, ndipo ankadziwa kulankhula nawo monga mnzawo wa m'bungwe osati monga mlendo wodzapempha. Ziwawa za mu 1929 za pakati pa Aarabu ndi Ayuda ku Palestine zitachitika, boma la Labour la Ramsay MacDonald linatulutsa mu Okutobala 1930 chikalata chodziwika ndi dzina la Lord Passfield, nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, chimene chinkafuna kuchepetsa kulowa kwa Ayuda ndi kugula kwawo malo. Zinangochitika kuti pa nthawi yomweyo kunali chisankho chapadera m'dera la Whitechapel kummawa kwa London, kumene kunkakhala Ayuda ambiri, ndipo woyimira Labour, James Hall, anali wa bungwe la apantchito a zamtengatenga lotsogozedwa ndi Ernest Bevin. Boma linalibe aphungu okwanira kulamula lokha, kotero mpando umodzi unali wamtengo wapatali. Hoz anakambirana ndi Bevin, ndipo Bevin analonjeza kuti aphungu ochirikizidwa ndi bungwe lake sadzalola kuti chikalatacho chipweteke Ayuda. Hall anapambana mu Disembala 1930, ngakhale kuti mavoti ake anatsika kwambiri, ndipo mu Febuluwale 1931 MacDonald analembera Chaim Weizmann, mtsogoleri wa Ayuda ofuna kukhala ndi kwawo ku Palestine, kalata imene inafewetsa mfundo zazikulu za chikalata chija.

Sindikunena kuti Hoz yekha ndiye anatembenuza boma la Britain, chifukwa Weizmann ndi andale ena ambiri anakankha nawo, koma dzanja lake linalipo. Zotsatira zake zinali zazikulu. Hitler atatenga ulamuliro ku Germany mu 1933, khomo la Palestine linali lotseguka ndithu, ndipo mu 1935 mokha munalowa Ayuda oposa 60,000, ambiri mwa iwo anthu amene akanatsala ku Ulaya akanaphedwa. Aarabu a ku Palestine anaitcha kalata ya MacDonald ija "kalata yakuda", chifukwa kwa iwo inali umboni wakuti mawu awo samveka ku London ngakhale atafufuza a boma lomwelo awavomereze. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo muyenera kuzinena pamodzi. Bevin yemweyo, atakhala nduna ya za kunja mu 1945, anadzakhala mdani wamkulu wa gulu limene anathandiza mu 1930, koma pamenepo Hoz anali atamwalira kale.

Mu 1935 Hoz anakhala wachiwiri kwa meya wa Tel Aviv, udindo umene anaugwira mpaka imfa yake, uku akukhalanso m'komiti yaikulu yolamula Haganah. Chaka chotsatira, mu Epulo 1936, Aarabu anayamba kuukira ulamuliro wa Britain ndi kulowa kwa Ayuda, poyamba ndi sitalaka yaikulu imene inatha miyezi isanu ndi umodzi, kenaka ndi mfuti mpaka 1939. Doko la Jaffa litatsekeka, Ayuda anamanga lawo ku Tel Aviv. Misewu inakhala yoopsa, midzi ya kutali inkatha masiku osafikiridwa, ndipo ngakhale ulendo waufupi wopita ku bwalo la ndege la boma ku Lydda unali woika moyo pachiswe. Apa ndi pamene maganizo a ndege anapezera mphamvu. Munthu amene anathera unyamata wake akumanga misewu anaona kuti msewu ukhoza kutsekedwa ndi anthu khumi obisala pa phiri, pomwe ndege imadutsa pamwamba pawo.

Kampani ya Aviron inakhazikitsidwa mu 1936 ndi Histadrut mogwirizana ndi Jewish Agency, bungwe loyimira Ayuda kwa boma la Angerezi, ndipo Hoz ndiye anali patsogolo pake, mothandizana ndi Yitzhak Ben-Yaakov wa m'mudzi wa Degania. Pamaso pa boma la Angerezi inali kampani wamba yophunzitsa anthu kuyendetsa ndege ndi kunyamula apaulendo ochepa, ndipo inkachitadi zimenezo, koma cholinga chake chenicheni chinali kukonzera Haganah oyendetsa ndege, popeza boma silikanalola Ayuda kukhala ndi ndege zankhondo. Musaganize za ndege zikuluzikulu zimene munakwera pobwera kumeneko. Ndege yophunzirira ya mtundu wa Tiger Moth ili ndi mapiko awiri osanjikana, omangidwa ndi mitengo n'kukutidwa ndi nsalu yolimbitsidwa ndi mankhwala, ili ndi mipando iwiri yopanda denga, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo injini yake imalizidwa ndi munthu woima pansi amene amapukusa chopalasira mphepo ndi manja n'kudumphira kumbuyo. Ndege zina za kampaniyo zinali za mtundu wa RWD zogulidwa ku Poland. Sukulu yake inali m'chigwa cha Yordano, pa mudzi wa Afikim, malo otentha kwambiri otsika kuposa mlingo wa nyanja ya Mediterranean ndi mamita pafupifupi 200, kutali ndi maso a akuluakulu a boma, ndipo ophunzira ambiri anali anyamata a m'midzi ya ulimi amene ena mwa iwo anayambira pa ndege zopanda injini.

Chimene chimamupatsa Hoz dzina la mpainiya wa ndege si ulendo wina wotchuka umene anauluka, ayi. Luso lake linali lomwe lija la ku Solel Boneh ndi ku London: kupeza ndalama kwa mabungwe amene ankaona ndege ngati chinthu cha anthu olemera, kupeza ziphaso kwa boma lokayikira, kugula ndege kunja, kupeza aphunzitsi, ndi kusunga zonsezi zili zamoyo pamene phindu panalibe. Si iye yekha amene ankaganiza za ndege. Pinhas Rutenberg, mwini kampani ya magetsi, anali ndi kampani yake ya Palestine Airways, ndipo mzinda wa Tel Aviv, pansi pa meya Israel Rokach, unamanga bwalo la ndege mu 1938 kumpoto kwa mtsinje wa Yarkon, pafupi ndi malo opangira magetsi a Reading. Koma mbewu imene inadzabala kwambiri inali ya Aviron. Oyendetsa ndege a Palmach, gulu lomenya nkhondo la Haganah, anaphunzira mobisala kumbuyo kwa kampaniyi, ndipo pamene Haganah inakhazikitsa nthambi yake ya ndege yotchedwa Sherut Avir mu Novembala 1947, ndege zake zoyamba zinali tindege tating'ono tomweti, timene tinkaponyera mankhwala, makalata ndi zipolopolo ku midzi yozingidwa, kuphatikizapo ya ku Negev kumene inu muli. Nthambi imeneyi ndiyo inasanduka gulu lankhondo la mumlengalenga la Israel mu 1948.

Hoz sanazione zimenezi. Kumapeto kwa Disembala 1940 anafa pa ngozi ya galimoto pamodzi ndi mkazi wake Rivka, mwana wawo wamkazi Tirza, mnzake Ben-Yaakov ndi abale ena. Olemba mbiri ambiri amati ankachokera ku ndende ya Acre, kumene anakaona anyamata a Haganah amene Angerezi anawamanga mu 1939 atawapeza akuphunzira zankhondo, ndipo mmodzi mwa akaidiwo anali Moshe Dayan, amene anadzakhala mkulu wa asilikali a Israel. Mnzanu uja anakuuzani zoona pa za Dorot: mudziwo unakhazikitsidwa mu 1941, ndipo dzina lake linapangidwa ndi zilembo zoyambirira za Dov, Rivka ndi Tirza. Bwalo la ndege la ku Tel Aviv lija linatchedwa Sde Dov pomukumbukira, ndipo linagwira ntchito mpaka pakati pa 2019, pamene linatsekedwa kuti pamalopo pamangidwe nyumba. Bwalo la ndege la ku Rosh Pina, kumpoto, limatchedwa ndi dzina la Ben-Yaakov.

Tsopano funso lanu lomaliza, lakuti kodi anali ngwazi, ndipo pano ndikupemphani kuti mudekhe, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ena pomutamanda mopanda malire, ena pomutaya yense. Kwa Ayuda amene anathawa imfa ku Ulaya napeza ntchito, chipatala ndi chitetezo, Hoz anali womanga wokhulupirika amene anagwira ntchito yosaoneka ndi maso, ndipo ulemu umene amamupatsa ndi womuyenera. Sindikayika kunena kuti anali mmodzi mwa okonza zinthu aluso kwambiri a m'badwo wake. Koma bungwe limene ankatumikira linali ndi mfundo yotchedwa "ntchito ya Chihebri", yakuti olemba ntchito achiyuda azilemba Ayuda okha. Oiteteza ankati Myuda wochokera ku Ulaya sangapikisane ndi malipiro otsika amene wantchito wa Chiarabu ankalandira, ndiponso kuti sankafuna kumanga dziko la mabwana achiyuda odyera thukuta la eni nthaka monga zinalili m'maiko ena a atsamunda. Mfundoyo ikumveka, koma kwa mlimi wa Chiarabu amene munda umene ankalima unagulitsidwa ndi mwini wake wokhala ku Beirut, ndiye n'kupeza kuti ngakhale ganyu m'munda womwewo samulola, zinali zowawa kwambiri. M'zaka za m'ma 1930 mamembala a Histadrut ankaima pa zipata za minda ya malalanje, monga ku Kfar Saba mu 1934, kuletsa antchito a Chiarabu kulowa. Wofufuza wa boma la Britain, John Hope Simpson, anali atadzudzula kale mchitidwewu mu 1930.

Histadrut inakhazikitsa nthambi yapadera ya antchito a Chiarabu, koma sinawalole kukhala mamembala enieni mpaka 1959. Kwa ine, monga munthu amene ndimakhulupirira kuti wantchito ndi wantchito posayang'ana mtundu wake, ichi ndi chilema chachikulu pa mbiri ya gululi, ndipo Hoz, pokhala mmodzi mwa atsogoleri ake, ali ndi gawo lake pa mlanduwo. Pa zomwe zinachitika mu 1948, pamene Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo, tisamuike pamalo amene sanalipo, chifukwa anali atagona m'manda zaka zisanu ndi ziwiri. Komabe mabungwe amene anamanga ndiwo anapatsa mbali yake mphamvu yopambanira nkhondoyo, ndipo Mpalestina akamva dzina la Haganah samva chimene Myuda wa ku Dorot amamva. Choncho uphungu wanga ndi wakuti musawapatse anzanu liwu limodzi lakuti ngwazi kapena chigawenga. Auzeni zimene anachita, amene anapindula nazo, ndi amene anataya nazo, ndipo muwasiye aweruze okha.

Pali zinthu zingapo zoti musamale nazo pa tsikulo. Musanene kuti Hoz anayambitsa kampani ya El Al, chifukwa inabadwa mu 1948 iye atamwalira, ndiponso musanene kuti anayambitsa Histadrut kapena Haganah yekha, popeza anali mmodzi mwa ambiri. Musayerekeze Histadrut ya nthawi yake ndi ya lero, chifukwa makampani ake ambiri anagulitsidwa, ndipo lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo litayamba kugwira ntchito mu 1995 n'kulekanitsa chipatala ndi umembala, anthu ambiri anatulukamo, kotero kuti lero ikufanana kwambiri ndi mabungwe a apantchito amene timawadziwa. Kumbukiraninso kuti mukukhala m'dera limene mabala a nkhondo ndi aawisi. Pakati pa anthu amene mumagwira nawo ntchito pakhoza kukhala wotaya mbale wake posachedwapa, kaya Myuda kaya Mwarabu, ndipo nkhani ya mbiri yakale ikhoza kumupweteka ngati ya dzulo. Lankhulani modekha, ndipo mukaona kuti kukambirana kwayamba kutentha, ndi bwino kuimitsa kusiyana ndi kudana ndi anthu amene mawa mudzalowa nawo m'munda umodzi.

Zimene ndalembazi zikukwanirani pa kucheza ndi anzanu, koma ngati mukufuna kulemba nkhani yoti isindikizidwe kapena kugwiritsa ntchito pa maphunziro, musadalire yankho langa lokha kapena masamba a pa intaneti, amene kawirikawiri amangokoperana zolakwa. Muli ndi mwayi wokhala pafupi ndi malo enieniwo. Nyumba ya Eliyahu Golomb pa msewu wa Rothschild ku Tel Aviv inasanduka nyumba yosungiramo mbiri ya Haganah, ndipo zikalata za gulu la apantchito zimasungidwa ku Lavon Institute mumzinda womwewo. Ku Hatzerim, pafupi ndi Beersheba, kuli malo osungirako ndege zakale za asilikali, koma muyambe mwafunsa ngati ndi otsegukira alendo musananyamuke. Malo onsewa amafotokoza nkhaniyi kuchokera mbali imodzi, choncho funsani wogwira ntchito m'laibulale ya yunivesite kuti akupezereni zolemba za akatswiri a Chipalestina ndi ena ofufuza za antchito a Chiarabu pa nthawi ya ulamuliro wa Britain. Ndipo ngati kuwerenga za ufulu wa apantchito kwakukumbutsani vuto lanu la malipiro, maola a ntchito kapena pogona, limenelo musalitengere kwa wolemba mbiri ngati ine, koma ku bungwe la Kav LaOved, limene limathandiza antchito ochokera kunja, kapena ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tel Aviv. Pofufuza m'mabuku, yesani kalembedwe konse kuwiri, Hoz ndi Hos, chifukwa mabuku akale a Chingerezi amakonda kachiwiriko, ndipo mlamu wake mudzamupeza pansi pa dzina la Shertok m'zikalata zonse za nthawi ya Angerezi.